Chidindo cha Chaka Chakale

Ana anga, mwakhala mukundiseka chifukwa cha zitini za mabisiketi zimene zili pamwamba pa kabati, mpaka Rozi anafika ponena kuti tsiku limene ndidzatseke maso, moto wa pamaliro adzakolezera ndi mapepala a m'zitinizo. Ndikudziwa kuti zinali nthabwala. Komabe musanaziotche, werengani mutu uno. Za ubwana wanga ndazidumpha dala chifukwa mulibe chimene simunamve. Ndiyambira pa tsiku limene ndinalowa ntchito ya positi, popeza nkhani imene ndakubisirani zaka zoposa makumi anayi inayambira pamenepo. Ngakhale amayi anu anapita kumanda osaidziwa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970: ntchito yoyamba

Ndinalembedwa ntchito yosankha makalata kuno ku Chipata ndili ndi zaka makumi awiri, malaya awiri ndi nsapato zobwereka kwa amalume. Amene anandilandira anali a Njobvu, munthu wamfupi, wadazi, wosaseka chisawawa. Iwo anayamba ntchito tauni ino ikutchedwabe Fort Jameson, ndipo akakwiya ankaiwala n'kuitchula dzina lakalelo. Tsiku loyamba sanandilole kugwira kalata ngakhale imodzi. Anandipatsa chidindo. Inu a masiku ano simungachidziwe: chinali chachitsulo, chogwirira chake chamtengo, kumutu kwake kuli dzina la positi lolembedwa mozungulira, ndipo pakati panali mipata itatu yolowetsamo tizitsulo ting'onoting'ono, ka tsiku, ka mwezi ndi ka chaka. M'mawa uliwonse tisanatsegule chitseko, kalaliki ankasintha kachitsulo ka tsiku, n'kudinda kamodzi m'buku lapadera, bwana n'kusainira pambali pake.

"Iwe Mbewe," anatero a Njobvu, "munthu akhoza kunama, kalata ikhoza kunama, koma ichi sichinama. Woweruza akaona chidindo chathu, loya amakhala pansi. Ukadzaiwala kusintha tsiku usadzadikire kuti ndikuchotse. Udzangotenga jekete lako n'kumapita."

Munthu wovutayo anali ndi kufooka kumodzi. M'dilowa yake ankasungamo mapositikhadi akale, aja okhala ndi chithunzi mbali imodzi, mbali inayo uthenga ndi sitampa, otumizidwa opanda envulopu. Ena anapatsidwa ndi azungu a m'mafamu a fodya pamene ankachoka, ena anawapulumutsa pamulu woti ukaotchedwe. Kalata wamba ikapezeka kuti mwini wake anamwalira kapena anasamuka, tinkaibweza kwa amene anaitumiza, koma khadi kawirikawiri silikhala ndi keyala ya wotumiza, choncho limangosowa kolowera. Ambiri mwa makhadiwo anali a misewu ya m'mapiri: makhotakhota a ku Manenekera, chitsikiro cha ku Luangwa, ndi msewu wolowa m'tauni muno pakati pa mapiri athuwa. Nthawi yopuma masana ankatulutsa limodzi, n'kuphimba chidindo ndi chala chachikulu, n'kunena kuti, "Tandiuza, khadi ili ndi la liti?"

Ndikayankha mofulumira ankandimenya nalo pamphumi. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo khadi lili ndi mboni zitatu zimene uyenera kuzifunsa motsatana. Yoyamba ndi chithunzi. Kodi msewu ndi wafumbi kapena wa tala? Mlatho ndi wakale wopapatiza uja kapena watsopano? Galimoto ili pakona apo ndi ya mtundu wanji? Koma chithunzi chimapusitsa, chifukwa sitolo imatha kugulitsa khadi lomwelo zaka khumi. Yachiwiri ndi sitampa, kaya ili ndi mutu wa mfumu ya ku Mangalande, wa mfumukazi, kapena ndi yathu ya mtengo wolembedwa m'ngwee, ndalama ya dziko lathu. Sitampa imakuuza kuti khadi silinatumizidwe iyo isanatuluke, komabe munthu akhoza kuisunga m'Baibulo zaka zisanu asanainyambite. Yachitatu, yodula mlandu, ndi chidindo. Masewerawa ndinawakonda kuposa mpira, ndipo a Njobvu atakhutira kuti ndili ndi diso, anayamba kundiitanira kunyumba kwawo Lamulungu. Atate wanga anamwalira ndili wamng'ono, ndiye mukhoza kumvetsa mmene ndinawatengera munthu ameneyu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: Januwale wa kumudzi

A Njobvu atapatsidwa kapositi kena kakumidzi, panjira yopita ku Tamanda, anapempha kuti ine ndipite nawo. Dzina la kapositiko sindilitchula, ndipo kanatsekedwa kalekale. Tinali awiri basi, iwo bwana, ine kalaliki. Apa n'kuti nditakwatira amayi anu, ndipo anali ndi pakati pa iwe Petulo. Zinali zaka zija zosowa sopo, shuga ndi mafuta ophikira, zoti ukaona anthu ali pamzere umayamba waima kenako n'kufunsa chimene chikugulitsidwa. Muofesi namonso zinali chimodzimodzi. Chingwe chomangira matumba tinkalumikiza zidutswa, inki tinkathiramo madontho a madzi kuti itifikitse kumapeto kwa mwezi, ndipo makalata ankabwera kawiri pa sabata, msewu ukalola.

Kachitsulo ka chaka chatsopano kankaperekedwa kamodzi, chaka chikamatha. Khirisimasi itadutsa, a Njobvu anapalasa njinga kupita kutauni kukatenga. Anakasainira, anakakulunga m'kapepala n'kukaika m'thumba la jekete. Pobwerera anapatukira kwa mlamu wawo kumene kunali mowa wa ubatizo, mvula inawapeza komweko, ndipo atafika kuntchito m'mawa mwake anapisa dzanja m'thumba, chala n'kutulukira kunsi. Masiku awiri tinayenda m'matope tikuyang'ana pansi ngati nkhuku, koma kachitsulo kochepa ngati njere ya chimanga ukakapeza pati?

"Bwana, tingolembera akuluakulu kuti katayika," ndinatero.

"Ndili kale ndi kalata yochenjeza ya nkhani ya mowa womwewu," anayankha. "Chaka ndi theka chatsala kuti ndipume. Ukufuna ndipite kumudzi chimanjamanja? Mnzanga wa kutauni andipezera kena mwakachetechete. Pakali pano siya ka chaka chakale momwemo."

"Nanga anthu akaona?"

"Ndani amawerenga chaka, Mbewe? Anthu amaona tsiku ndi mwezi."

Motero Januwale yense ndinadinda makalata ndi tsiku loona, mwezi woona, koma chaka chimene chinali chitatha kale. Buku la m'mawa lija tinalisiya losadinda. Kachitsulo katafika kumayambiriro kwa Febuluwale, tinatseka chitseko masana ena n'kudinda masiku onse a Januwale motsatana, ine ndikusintha tsiku, iwo akusainira. Woyendera maofesi atabwera anayamikira kuti buku lathu linali laukhondo.

Mu sabata yachiwiri ya Januwale ameneyo, m'thumba la makalata munatuluka khadi la Manenekera, lamitundu, msewu wa tala ukukhota pansi pa thanthwe. Ndinaliwerenga. Kalaliki wa positi amene angakuuzeni kuti sawerenga makhadi ndi wabodza. Linachokera kwa Yohane Jere, dalaivala wa lole, kupita kwa mkazi wake Agnesi, amene nthawi imeneyo anali kwa mayi ake m'mudzi wapafupi nafe. Mawu ake ndikuwakumbukira: "Ndafika bwino. Mapiri awa ndadutsa ndi mvula. Masiku awiri amene ndinakhala nawe kwa amayi pa Khirisimasi sanandikwanire. Ndine wako Yohane." Chidindo cha kumene linachokera chinali chibanga chakuda chosawerengeka, popeza nawonso inki yawo inali yamadzi. Lamulo linali loti kalata yofika tiidinde nafenso, ndiye ndinadinda changa pambali, ndipo chinatuluka bwino kwambiri. Ndinali ndi dzanja labwino pa kudinda, ndipo ndinkanyada nalo.

Agnesi anabwera yekha kudzalitenga, mtsikana wamtali wa mpata m'mano. Analitembenuza, n'kuyang'ana chithunzi chija nthawi yaitali.

"Kansi amadutsa apa?" anatero. "Msewu wake ngati njoka! Akabwera ndidzawauza kuti asiye, tizilima thonje."

Ndinaseka, nayenso anaseka. Febuluwale asanathe tinamva kuti mabuleki a lole ya Yohane anakana m'mapiri omwewo, ndipo maliro ake anakaikidwa kwawo ku Madzimoyo.

Okutobala wa chaka chomwecho

Linali tsiku lotentha, lopanda anthu, pamene Agnesi analowa ndi khanda kumbuyo, miyendo yake itayera ndi fumbi. Mpata wa m'mano uja ndi umene unandikumbutsa kuti ndi iye, chifukwa anali atatha thupi. Anaika khadi lija pakauntala n'kufotokoza nkhani yake motsitsa mawu.

A kwa Jere anali Angoni. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ndiye mwana wa Yohane anali wawo, ndipo mayi wa mwanayo anayenera kukhala m'nyumba ya malemu n'kumalima munda wake. Koma mwana anabadwa mu Seputembala, pamene Yohane, monga ankadziwira abale ake, anabwera kumudzi komaliza pa Pasaka wa chaka chathacho. Iwo anawerenga miyezi n'kupeza kuti yapitirira kutali. Agnesi anawauza kuti mwamuna wake anabwera pa Khirisimasi, lole yake ikudikira mapepala pa boda ya Mwami, ndipo anagona masiku awiri kwa apongozi ake kumene iye ankadwazika mayi ake, n'kubwerera osafika ku Madzimoyo. Achibale a Agnesi anavomereza, koma a kuchimuna anati mboni zakuchikazi sizinganene zina. Pamenepo iye anatulutsa khadi lija, ali ndi chikhulupiriro chonse. Mkulu wake wa Yohane, amene anali mphunzitsi, anavala magalasi, anawerenga uthenga mokweza, kenako anaika chala pa chidindo changa. Tsoka lake linali lakuti Khirisimasi ya chaka cham'mbuyo mwake Yohane anadyeranso kwa apongozi ake, ndipo imeneyo aliyense ankaidziwa. Chidindo chinaonetsa kuti khadi likunena za Khirisimasi yoyambayo. Umboni umene anabwera nawo yekha ndi umene unamumanga.

"Alamu anga akuti ndibwere ndi munthu wa positi adzanene kuti chidindo chinalakwika," anatero Agnesi. "Akanena, mwana amulandira. Akapanda kunena, ndichoke. A kalaliki, ine sindidziwa za zidindo. Chimene ndikudziwa n'chakuti khadi ili munandipatsa ndinu Januwale yemwe wapitayu."

Ndisanatsegule pakamwa, a Njobvu anandiitanira kuchipinda chakumbuyo, kumene anali atamva zonse. Nkhope yawo inali itachita thukuta.

"Mbewe, mwana wanga, ukanena tonse tapita. Si kuchotsedwa ntchito kokha. Buku lija tinadinda tonse awiri, ndipo imeneyo ndi ndende. Ine ndakalamba, koma iwe uli ndi khanda kunyumba. Ganiza bwino."

Ndinaganiza, ndipo sizinanditengere nthawi yaitali monga ndikanafunira kukuuzani. Ndinaona iwe Petulo uli ndi miyezi isanu, ndinaona kanyumba kantchito kamene tinkakhalamo, ndinaona munthu amene anandiphunzitsa zonse. Nditabwerera pakauntala ndinanyamula khadi lija ngati ndikuliunika. Ngakhale mboni yachiwiri inali kumbali ya Agnesi: sitampa ya mtundu umenewo inayamba kugulitsidwa m'nyengo yozizira ya chaka chakalecho, choncho sikukanatheka kuti ikhale pa khadi la Januwale wa chaka chimenecho. Kalaliki aliyense akanaona zimenezo. Ine ndinaziona.

"Amayi," ndinatero, "chidindo cha positi sichinama."

"Koma munandipatsa ndi dzanja lanu. Ndinati msewu uli ngati njoka, inu munaseka. Mwaiwala?"

"Makalata ndi ambiri, amayi. Sitingakumbukire onse."

Ndinkayembekeza kuti alira kapena anditemberera, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Iye anangondiyang'ana, anatenga khadi lake n'kulilowetsa m'bulauzi, anamangitsa nsalu ya mwana, n'kunena kuti, "Zikomo, a kalaliki." Ndakhala ndikutukwanidwa pakauntala ndi anthu ambiri m'moyo wanga ndipo zonsezo ndinaiwala, koma zikomo ameneyo sanandichoke m'makutu.

Zotsatira zake ndinkazimva kwa anthu odzatenga makalata. Ku Madzimoyo anamuchotsa, munda wa Yohane unagawidwa kwa abale. Kwawo nako sanakhalitse, chifukwa mayi ake atamwalira analibe womuikira kumbuyo, ndipo kutchalitchi azimayi ankasendera akakhala nawo pa benchi. Pomaliza anapita ku Mwami kukagulitsa zitumbuwa kwa madalaivala, anthu n'kumati, "Mwaona? Tinanena ife."

Zaka zotsatira, mpaka kupuma

A Njobvu anapuma bwinobwino ndi penshoni yawo, ine ndinabwezedwa kutauni n'kukwezedwa. Atadwala matenda awo omaliza ndinapita kukawaona, ndipo titatsala awiri ndinawakumbutsa za mayi uja. Anatembenukira kukhoma. "Zisiye, Mbewe," anatero, "madzi akatayika saoleka." Anandisiyira makhadi awo onse, ndipo ndi amene anayambitsa zitini mumandiseka nazozi.

Iwo atamwalira panalibenso wondiletsa kulankhula. Ndinkadziuza kuti ndipita Petulo akamaliza sukulu, kenako Rozi akamaliza, kenako ndikapuma kuti asandilande penshoni. Zengerezu analinda kwawukwawu. Nthawi ina ananditumiza ku Mwami kukagwirizira ntchito ya mnzanga amene anali patchuthi, ndipo ndinamuona Agnesi atakhala pambali pa msewu ndi beseni lake, kamtsikana ka yunifolomu kakumuthandiza kukulunga zitumbuwa. Ine, bambo wamkulu wovala tayi, ndinazungulira kuseri kwa lole kuti asandione. Mwezi wonse umenewo chakudya chamasana ndinkadyera muofesi.

Makalata anayamba kuchepa mafoni atabwera, ndipo pamene ndinkapuma, thumba la makalata limene kale linkafuna anthu awiri ndinkalinyamula ndi dzanja limodzi. Nditakhala pakhomo ndinadzipereka ku makhadi. Mukudziwa malamulo anga, popeza ndinakukalipirani nawo kokwanira. Khadi saligwira ndi manja a mafuta, salimanga ndi mphira, salimata ndi guluu kapena selotepi, saliika padzuwa. Lililonse limakhala m'envulopu yakeyake, m'chitini chotseka bwino, pamwamba pomwe chiswe ndi chinyontho sizifika, ndipo mvula ikatha ndimatsegula zitini zonse kuona ngati njenjete sizinalowe. Koposa zonse, pa khadi salembapo. Chaka ndikachipeza ndimachilemba ndi pensulo pa envulopu, chifukwa inki imalowerera m'pepala lakale ndipo ikalowa siituluka. Mbiri inamveka, anthu anayamba kubwera ndi makhadi opezeka m'masutikesi a makolo awo kuti ndiwauze kuti ndi a liti. Ankandiyamikira kuti sindilakwitsa. Ine ndinkalandira kuyamikirako ndikudziwa kuti kwinakwake kuli makalata a Januwale wathunthu amene adzanamiza aliyense wowafunsa, ndipo wowanamizitsa ndine.

Chaka chatha, mwezi wa Juni

Unali m'mawa wozizira, ndili pakhonde ndi jekete, pamene mayi wina wa zaka za m'ma makumi anayi anaodira pageti. Anati dzina lake ndi Misozi Banda, amasoka zovala kumsika. Titapatsana moni anatsegula chikwama n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'mpango.

"Atate, ndamva kuti inu ndinu katswiri wa makhadi akale. Ili linali la amayi anga, anamwalira mu Epulo. Ndinafuna kukalamineta kutauni kuti lisang'ambike, koma anthu anati ndiyambe ndakuonetsani. Mundiuzeko kuti ndi la liti."

"Kulamineta ayi," ndinayamba mwa chizolowezi, "pulasitiki yotentha ija imapha pepala." Mawu anathera pamenepo, chifukwa anali atafunyulula mpango. Mitundu ya chithunzi inali itazilala, thanthwe lija litasanduka lachikasu, ngodya zitatha, pakati pali mzere wopindika umene thukuta linaudetsa. Koma nditatembenuza, chidindo changa chinali pomwepo, chooneka bwino ngati ndadinda dzulo.

Sindikubisirani, maganizo oyamba amene anandifikira anali oti ndimuuze alisiye, adzabwere sabata yamawa. Ndinatenga galasi langa lokulitsira zinthu n'kumaunika chinthu chimene ndinkachidziwa kale, pongofuna kutaya nthawi. Iye ankandiyang'ana, manja ali pamiyendo. Akulu anati mlandu suola. Wanga unali utakhala pampando wanga womwe, ukundidikira.

"Chidindo ichi chikunama," ndinatero pomaliza. "Tsiku ndi loona, mwezi ndi woona, koma chaka chatsalira m'mbuyo ndi chimodzi. Khadi ili linafika Januwale wa chaka chimene inu munabadwa. Sitampa iyi ikuchitira umboni, koma ine sindikufunikira sitampa. Anadinda ndine."

Ndinamufotokozera zonse, za thumba lobooka, za buku, za chipinda chakumbuyo, ndi mawu amene ndinauza mayi ake iye ali kumbuyo kwawo. Sanandidule ngakhale kamodzi. Nditamaliza anapumira m'mwamba.

"Ndimadziwa, atate," anatero. "Sindinabwere kudzafunsa chaka. Chaka amayi anandiuza ndili mwana, ndipo dzina lanu anandiuzanso. Ankati kalaliki uja poyankha anayang'ana pansi, tsiku lina adzabwera. Atakuonani ku Mwami anaganiza kuti tsikulo lafika. Madzulo ake anagula shuga ndi mkaka kuti mukabwera adzakuphikireni tiyi."

Ndinaika galasi lija patebulo.

"Ine ndabwera kudzaona ngati munganenenso zija ndili pamaso panu," anapitiriza.

"Tiyeni ku Madzimoyo," ndinatero. "Lero lomwe. Ndikanena pamaso pa atate anu aakulu ndi banja lonse."

"Mukanena kwa ndani? Aphunzitsi aja anamwalira kale, ang'ono awo anamwaliranso. Munda anagulitsa. Ana awo ali ku Lusaka, sadziwa n'komwe kuti kuli munthu wotchedwa Misozi. Ine pa reji yanga, chitupa cha boma chija, palembedwa Banda, dzina la amayi. Kusukulu anzanga ankandifunsa kuti atate ako ndi lole iti."

Ndinachita chokhacho chimene ndimadziwa. Ndinatenga envulopu yatsopano ndi pensulo kuti ndilembe chaka choona. Iye anagwira dzanja langa.

"Pensulo imafufutika, atate. Ndipo envulopu imatayika. Lembani pa khadi penipenipo, ndi inki."

"Mwana wanga, inki iwononga khadi."

"Linawonongeka kale ndi inki yanu. Lembani."

Anatulutsa bolopeni m'chikwama chake. Pansi pa uthenga wa Yohane panali kampata kakang'ono. Ndinalemba chaka choona, ndinalemba kuti chidindo chinalakwika ndipo ndinadziwa, n'kusaina dzina langa lonse. Dzanja limene ndinkanyada nalo lija linatulutsa zilembo zokhota. Iye anawerenga, n'kundibwezera.

"Simunamalize. Lembani kuti khadi ili ndi la ndani."

Ndinalemba kuti Misozi, ndipo ndinaima.

"Jere," anatero.

Ndinalemba. Anayang'ana dzinalo nthawi yaitali, monga mayi ake anayang'anira chithunzi cha msewu tsiku lija, ndipo ndi pamene ndinaona kuti nayenso ali ndi mpata m'mano. Anakulunga khadi m'mpango n'kuimirira. Envulopu imene ndinamukonzera anaisiya patebulo.

Ndinamuperekeza mpaka pageti. Pamenepo ndinavula chipewa n'kunena mawu amene ndinayenda nawo zaka zonsezi. "Pepani. Ndikhululukireni."

Sanakwiye, ndipo sanamwetulire. "Pepani ameneyo si wanga, atate," anatero. "Mwini wake anamwalira mu Epulo."

Anatseka geti yekha n'kutsika ndi msewu wa kumsika. Sanabwerenso, ndipo ine sindinapeze mphamvu zokadutsa pamzere wa osoka zovala.

Ana anga, ntchito imene inakulerani ndinaisunga tsiku lija la Okutobala, ndipo mtengo wake analipira ndi anthu awiri amene simunawaonepo. Sindikulemba izi kuti mundikhululukire, chifukwa nanunso si eni ake. Ndinakuuzani kumayambiriro zimene tinkachita ku positi ndi kalata imene mwini wake anamwalira: tinkaibweza kwa amene anaitumiza. Yanga, pepani uja, inabwerera, ndipo ndili nayo.